Kupeza Wogulitsa Wopambana ndi Mafomula a Spreadsheet

Spreadsheet ndi pulogalamu ya pa kompyuta kapena pa foni imene imayala tsamba la timabokosi. M'kabokosi kalikonse munthu amalembamo mawu, nambala, kapena lamulo lowerengera lotchedwa fomula. Mizere yotsika imadziwika ndi zilembo A, B, C kumapita m'tsogolo, pomwe mizere yopingasa imadziwika ndi manambala, choncho kabokosi ka B2 kali pamene mzere wotsika B wakumana ndi mzere wopingasa 2. Fomula iliyonse imayamba ndi chizindikiro cha =, ndipo mphamvu yake ili poti nambala imodzi ikasintha, mayankho onse odalira nambalayo amasinthanso okha.

Pulogalamu yoyamba ya mtunduwu pa makompyuta ang'onoang'ono inali VisiCalc, yomwe Dan Bricklin ndi Bob Frankston anatulutsa mu 1979 kuti izigwira ntchito pa Apple II. Lotus 1-2-3 inabwera mu 1983, Microsoft Excel mu 1985, ndipo Google Sheets mu 2006. Palinso LibreOffice Calc, yomwe ndi yaulere ndipo sifuna intaneti. Mafomula ambiri amalembedwa chimodzimodzi mu Excel, Google Sheets ndi Calc, kotero wophunzira pa imodzi savutika akasamukira pa inzake.

Limodzi mwa mafunso omwe mabizinesi amafunsa mwezi ndi mwezi ndi lakuti, mwa ogulitsa onse, wachita bwino koposa ndani. Yankho lake limakhudza matumba a anthu: komishoni, bonasi, kukwezedwa pa ntchito, nthawi zina kuchotsedwa kumene. Mafomula atatu kapena anayi ndi okwanira kuti dzina lituluke. Chovuta ndi kuonetsetsa kuti dzina lotulukalo ndi loyenera, ndipo zimenezi zimadalira kalembedwe ka kaundula komanso tanthauzo lomwe mwini bizinesi wapereka ku mawu akuti kupambana.

Kaundula wa malonda

Chitsanzo chomwe chitsatidwe apa n'chongopeka pamodzi ndi ziwerengero zake zonse. Ndi kampani yopikulitsa shuga, mafuta ophikira ndi sopo m'magolosale, yokhala ndi ogulitsa asanu oyenda m'madera osiyanasiyana. Aliyense wapatsidwa nambala yake, kuyambira W1 mpaka W5.

Tsamba loyamba, lotchedwa Malonda, ndilo kaundula. Mzere wopingasa woyamba uli ndi mitu yokha. Pansi pake, mzere wotsika A uli ndi tsiku, B nambala ya wogulitsa, C katundu, D ndalama za malondawo, E phindu, ndipo F ndalama zomwe kasitomala walipira kale. Lamulo lalikulu ndi lakuti malonda amodzi azitenga mzere umodzi. Pakati pasakhale mizere yopanda kanthu, pasakhale zowonkhetsa za sabata zolowetsedwa pakati pa malonda, ndipo timabokosi tisaphatikizidwe pofuna kukongoletsa tsamba. Katundu wobwezedwa amalembedwa pa mzere wake ndi nambala yotsogozedwa ndi chizindikiro chochotsera, kuti achotsedwe yekha powonkhetsa.

Amene anazolowera kaundula wa papepala amakonda kupatsa wogulitsa aliyense tsamba lakelake. Pa spreadsheet njira imeneyi imabweretsa chintchito, chifukwa fomula iliyonse imayenera kuyendera masamba asanu, ndipo wogulitsa wachisanu ndi chimodzi akalembedwa ntchito mafomula onse amafunika kukonzedwanso. Tsamba limodzi lalitali ndilo labwino. Malo sangachepe: kuyambira pa Excel ya 2007, tsamba limodzi limakhala ndi mizere yopingasa 1,048,576.

Kuwonkhetsa malonda a munthu aliyense

Tsamba lachiwiri, lotchedwa Chidule, lili ndi manambala a ogulitsa kuyambira A2 mpaka A6. M'kabokosi ka B2 mumalembedwa fomula iyi:

=SUMIFS(Malonda!$D$2:$D$600, Malonda!$B$2:$B$600, A2)

Tanthauzo lake n'lakuti pulogalamu iwonkhetse ndalama za mu mzere D, koma pokhapo pamene mzere B uli ndi nambala yofanana ndi ya mu A2. Fomulayi ikakokeredwa pansi mpaka B6, A2 imasanduka A3, A4 kumapita, pomwe malo okhala ndi chizindikiro cha $ sasuntha. Chizindikiro chimenechi n'chokhomera, sichikhudzana ndi ndalama za ku America. Chikaiwalika, malo owonkhetsedwa amatsetsereka ndi mzere umodzi nthawi iliyonse fomula ikatsika, ndipo malonda a kumayambiriro amayamba kusiyidwa mwakachetechete.

SUMIFS inabwera ndi Excel ya 2007 ndipo imalola zoyenereza zingapo nthawi imodzi. Wofuna malonda a mwezi wa Malichi 2025 okha amawonjezera malire a masiku:

=SUMIFS(Malonda!$D$2:$D$600, Malonda!$B$2:$B$600, A2, Malonda!$A$2:$A$600, ">="&DATE(2025,3,1), Malonda!$A$2:$A$600, "<"&DATE(2025,4,1))

Malire achiwiri akunena kuti tsiku likhale lisanafike pa 1 Epulo. Kalembedwe kameneka kamapulumutsa munthu ku chipsinjo chokumbukira ngati mwezi uli ndi masiku 30 kapena 31.

M'chitsanzochi mayankho a mweziwo ali motere: W1 wagulitsa katundu wa K4,200,000, W2 wa K5,650,000, W3 wa K3,900,000, W4 wa K5,100,000, ndipo W5 wa K2,750,000. Zonse pamodzi ndi K21,600,000. Pa anthu asanu maso okha aona kale kuti W2 ali patsogolo. Fomula imafunika chifukwa ogulitsa akakhala 40 kapena 200 maso amanama, komanso chifukwa yankho liyenera kusintha lokha malonda atsopano akalowa.

Mafomula atatu ogwira ntchito imodzi

Njira yodalirika, yomwe imagwira ntchito m'mapulogalamu akale ndi atsopano omwe, imalumikiza MAX, MATCH ndi INDEX. Iliyonse ili ndi gawo lake.

MAX imapeza nambala yaikulu kwambiri. =MAX(B2:B6) ipereka 5,650,000, koma sinena kuti ndalamazo ndi za yani.

MATCH imanena malo omwe nambala ili pa mndandanda. =MATCH(5650000, B2:B6, 0) ipereka 2, kutanthauza kuti nambalayo ndi yachiwiri kuchokera pamwamba.

INDEX imatenga zomwe zili pa malo otchulidwa. =INDEX(A2:A6, 2) ipita pa mndandanda wa ogulitsa, itenge chachiwiri, ndipo ipereka W2.

Zitatuzi zikalowetsedwa china m'kati mwa chinzake, zimakhala fomula imodzi:

=INDEX(A2:A6, MATCH(MAX(B2:B6), B2:B6, 0))

Pulogalamu imayamba ndi cham'kati kwenikweni. MAX ikapeza nambala, MATCH imapeza malo ake, kenako INDEX imatulutsa dzina la pa malowo. Wophunzira amachita bwino kuyamba walemba zitatuzi m'timabokosi tosiyana, aone yankho la chilichonse, n'kuziphatikiza pambuyo pake. Fomula yaitali ikalakwika, kuiphwanya motere ndi njira yachangu yopezera pomwe pakhota.

Pali kanthu kamodzi m'fomulayi kofunika kukasamala koposa zonse, ndipo ndi 0 ya kumapeto kwa MATCH. Nambala imeneyi imalamula kuti pulogalamu ifunefune chofanana ndendende. Ikasiyidwa, pulogalamu imaganiza kuti mndandanda unasanjidwa kuyambira chaching'ono kupita ku chachikulu, ndipo imafufuza modumpha: imayang'ana pakati, ikaona kuti nambala yomwe ikufuna ndi yokulirapo imapita ku theka lam'munsi, n'kumapitiriza chomwecho. Pa ziwerengero za m'chitsanzochi, Excel ingayang'ane W3, kenako W4, kenako W5, osaiona n'komwe W2, ndipo dzina lotuluka lingakhale W5, amene wagulitsa zochepa kuposa onse. Sipaoneka chenjezo lililonse. Dzina limangokhala m'kabokosi mooneka bwinobwino, ndipo bonasi ingapite kwa munthu wolakwika popanda wina wodabwa.

Ambiri amene anaphunzira Excel ku sukulu za makompyuta amadziwa VLOOKUP, ndipo amayamba ndi imeneyo. Pa ntchito iyi imakanika, chifukwa imafufuza mu mzere woyamba wa kumanzere n'kutenga yankho kumanja, pomwe apa ndalama zili kumanja ndipo mayina ali kumanzere. Microsoft inalengeza XLOOKUP mu 2019 pofuna kuthetsa vutoli:

=XLOOKUP(MAX(B2:B6), B2:B6, A2:A6)

Ndi yaifupi, ndipo imafuna chofanana ndendende ngakhale munthu asailamule. Imapezeka mu Excel 2021 ndi Microsoft 365, mu Google Sheets kuyambira 2022, komanso mu LibreOffice kuyambira 24.8. Koma maofesi ena akugwiritsabe ntchito Excel 2010, 2013 kapena 2016, momwe XLOOKUP mulibe. Fayilo yoti izitumizidwa kwa anthu a makompyuta osiyanasiyana ndi bwino ikhale ndi INDEX ndi MATCH.

Ku Mozambique, kumene makompyuta ambiri ali m'Chipwitikizi, mayina a mafomula amasintha: MAX ndi MÁXIMO, INDEX ndi ÍNDICE, MATCH ndi CORRESP, ndipo magawo a fomula amalekanitsidwa ndi chizindikiro cha ; m'malo mwa chizindikiro cha ,. Fayilo ikatsegulidwa pa kompyuta ya chilankhulo china mayinawa amadzimasulira okha. Vuto limabwera polemba fomula ndi manja kuchokera m'buku.

Wachiwiri, wachitatu, ndi ofanana

Mphotho sizithera pa woyamba. LARGE imapereka nambala yaikulu ya pa malo omwe munthu wasankha, choncho wachiwiri amapezeka motere:

=INDEX($A$2:$A$6, MATCH(LARGE($B$2:$B$6, 2), $B$2:$B$6, 0))

Yankho ndi W4. Kusintha 2 kukhala 3 kupereka W1. Wofuna kuona malo a munthu aliyense pafupi ndi dzina lake amalemba =RANK(B2, $B$2:$B$6, 0) n'kukokera pansi; apa 0 ikutanthauza kuti wa nambala yaikulu akhale woyamba. Excel ya 2010 inabweretsa RANK.EQ, yomwe imachita zomwezo.

Anthu awiri akafanana, INDEX ndi MATCH zimaonetsa kufooka kwake. MATCH imaima pa choyamba chomwe yapeza, ndiye kuti amene analembedwa pamwamba pa mndandanda ndiye amatuluka, mnzakeyo osatchulidwa. Pa malo achiwirinso pamatuluka dzina lomwelo, poti nambala yachiwiri ndi yofanana ndi yoyamba. Pa ndalama za mamiliyoni kufanana sikuchitika kawirikawiri, koma pamene chowerengedwa ndi makatoni, mafoni ogulitsidwa kapena makasitomala atsopano, kumachitika ndithu. Kabokosi kamodzi kochenjeza n'kokwanira:

=COUNTIF(B2:B6, MAX(B2:B6))

Yankho likaposa 1, pali ofanana. M'mapulogalamu atsopano, =FILTER(A2:A6, B2:B6=MAX(B2:B6)) imatulutsa mayina onse ofananawo, lina pansi pa linzake. Chochita nawo anthu ofananawo, kaya kugawana bonasi kapena kuwalekanitsa poona phindu, fomula sichidziwa. Ndi nkhani yoti akuluakulu a kampani agwirizane isanachitike.

Zolakwika zobisala m'kaundula

Mafomula akakhala olondola, zolakwika zambiri zimachokera kwa olemba kaundula. Choyamba ndi mayina. Munthu mmodzi akalembedwa lero ndi dzina loyamba, mawa ndi la bambo ake, mkuja ndi chilembo chimodzi chosiyana, SUMIFS imamuona ngati anthu atatu ndipo imawonkhetsa gawo limodzi lokha. Zilembo zazikulu ndi zazing'ono sizisokoneza, koma mpata wosaoneka wotsalira kumapeto kwa dzina umasokoneza. TRIM imachotsa mipata yotere. Chabwino koposa ndi kutseka khomo: Data Validation imapanga kamndandanda kosankhapo, moti wolemba sangalowetse dzina lomwe palibe. N'chifukwa chakenso manambala ngati W1 ali abwino kuposa mayina, makamaka kumene anthu awiri a dzina limodzi angagwire ntchito pa kampani imodzi.

Chachiwiri ndi ndalama zolembedwa ngati mawu. Wolemba akataipa K45,000 kapena MK 45,000, pulogalamu nthawi zambiri imaona mawu, osati nambala, ndipo mafomula owonkhetsa amangodutsa. M'kabokosi muzilowa 45000 yokha. Chilembo cha K chiikidwe kudzera m'makonzedwe a maonekedwe a kabokosi. Vutoli n'losavuta kuliona: manambala amatsamira kumanja kwa kabokosi, mawu amatsamira kumanzere. Pa kaundula wamtali, =COUNTA(Malonda!D2:D600)-COUNT(Malonda!D2:D600) imanena kuchuluka kwa timabokosi tomwe tili ndi zinthu koma zosakhala manambala. Yankho loyenera ndi 0.

Chachitatu ndi masiku. Ku Malawi 03/04/2025 ndi pa 3 Epulo, koma kompyuta yomwe inasiyidwa pa makonzedwe a ku America imawerenga kuti ndi pa 4 Malichi. Malonda a mwezi wina amagwera m'mwezi wina, ndipo tsiku ngati 25/03/2025 limangokhala mawu chifukwa mwezi wa 25 kulibe.

Chachinayi ndi malire a fomula. Fomula ya pamwambapa imathera pa mzere 600. Kaundula akafika pa 601, malonda atsopano sawerengedwanso. Vuto lotere silisankha ophunzira kapena osaphunzira. Mu 2010 akatswiri a zachuma Carmen Reinhart ndi Kenneth Rogoff anafalitsa kafukufuku wosonyeza kuti chuma cha mayiko chimabwerera m'mbuyo ngongole ya boma ikaposa 90 peresenti ya chuma chomwe dziko limapanga pa chaka, ndipo andale a ku Ulaya ndi ku America ankamutchula pofuna kuchepetsa ndalama zomwe maboma amagwiritsa ntchito. Mu 2013 Thomas Herndon, wophunzira pa yunivesite ya Massachusetts Amherst, atapatsidwa fayilo yawo ya Excel anapeza zolakwika zingapo, ndipo chimodzi chinali chakuti fomula inasiya mizere isanu, ya mayiko a Australia, Austria, Belgium, Canada ndi Denmark. Mankhwala ake pa kaundula wa malonda ndi kutchula mzere wonse wotsika, monga Malonda!D:D, kapena kusandutsa kaundulayo kukhala Table podina Ctrl ndi T, kuti malire azikula okha mzere watsopano ukawonjezedwa.

Pamwamba pa zonsezi, tsamba la Chidule liyenera kukhala ndi kabokosi kotsimikizira: =SUM(Malonda!D:D)-SUM(B2:B6). Ndalama zonse za m'kaundula wa mweziwo ziyenera kufanana ndi zomwe zagawidwa kwa ogulitsa asanu. Yankho likapanda kukhala 0, pali malonda omwe alibe mwini, ndipo dzina la wopambana lisalengezedwe mpaka apezeke.

Ena amakonda PivotTable, yomwe imawonkhetsa malonda a munthu aliyense popanda kulemba fomula. Ndi chida chabwino poyang'ana mwachangu, kungoti m'makope ambiri a Excel siisintha yokha kaundula akasintha. Imadikira kuti munthu adine Refresh.

Kupambana pa chiyani

Kufika apa, W2 ndiye wopambana, ndipo masamu ake alibe chilema. Koma fomula ili ngati sikelo ya pa msika: imayeza chomwe chaikidwapo, siifunsa ngati ndi chomwe chinayenera kuyezedwa. Funso lomwe layankhidwa ndi lakuti wagulitsa katundu wa ndalama zambiri ndani. Funso lomwe mwini bizinesi ali nalo mumtima ndi lina, lakuti wapindulitsa kampani ndani, ndipo mayankho a mafunso awiriwa sakumana nthawi zonse.

SUMIFS yomwe ija ikalozetsedwa ku mzere E m'malo mwa D, imapereka phindu la munthu aliyense mu mzere C wa Chidule. W1 wabweretsa K504,000, W2 K339,000, W3 K468,000, W4 K561,000, W5 K385,000. W2 uja tsopano ali kumapeto. Wagulitsa shuga wambiri kwa makasitomala akuluakulu ochepa, amene amachotseredwa mtengo, ndipo pa K100 iliyonse kampani yapeza K6 yokha. Pa phindu wopambana ndi W4. Phindu likagawidwa ndi malonda, =C2/B2, wotsogola amakhala W5 ndi 14 peresenti, ngakhale malonda ake ali ochepa.

Ndiye pali ngongole. Katundu woperekedwa pa ngongole amalembedwa ngati wagulitsidwa, koma ndalama zake sizinafike, ndipo zina sizidzafika. Powonkhetsa mzere F, zikupezeka kuti W1 watolera K4,150,000, W4 K4,000,000, W2 K3,800,000, W3 K3,500,000, W5 K2,700,000. W2 wasiya K1,850,000 m'manja mwa makasitomala. Kwa bizinesi yomwe iyenera kuoda katundu wina sabata yamawa, W1 ndiye wagwira ntchito yooneka.

Madera nawonso safanana. Wogulitsa wa m'tauni momwe magolosale ali moyandikana sangayerekezedwe mwachilungamo ndi mnzake woyenda mitunda italiitali m'misewu yafumbi, yomwe nthawi ya dzinja imavuta kudutsa. N'chifukwa chake makampani ambiri amapatsa aliyense chandamale chake. Ngati W1 anapatsidwa K4,000,000, W2 K6,000,000, W3 K3,000,000, W4 K5,000,000 ndipo W5 K2,500,000, kugawa malonda ndi chandamale kukusonyeza kuti W3 wafika 130 peresenti, W5 110, W1 105, W4 102, pomwe W2 wathera pa 94 ndipo ndi yekhayo amene sanakwanitse.

Ziwerengerozi zasankhidwa dala kuti miyeso isanu itulutse opambana asanu. Pa kampani yeniyeni zinthu sizimwazika chotere, komabe kusiyana kwa wogulitsa zambiri ndi wobweretsa phindu lambiri kumachitika kulikonse kumene ogulitsa amaloledwa kutsitsa mtengo kapena kukongoza.

Poyerekeza chaka ndi chaka pamabweranso nkhani ya mitengo. Mu Novembala 2023 Reserve Bank of Malawi inatsitsa mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti, ndipo mitengo ya katundu inakwera. Wogulitsa amene ndalama za malonda ake zinakwera m'miyezi yotsatira akanatha kukhala atagulitsa makatoni ochepa kuposa kale. Pa nyengo zotere, kaundula amafunika mzere wa kuchuluka kwa katundu, ndipo kukula kwa malonda kuyezedwe ndi makatoni kapena mabelo, osati makwacha okha.

Kuphatikiza miyeso

Kampani yosafuna kudalira muyeso umodzi imapereka malikisi. Miyeso ya makwacha ndi ya maperesenti singawonkhetsedwe momwe ilili, choncho uliwonse umayamba wagawidwa ndi nambala yaikulu ya mu mzere wake, kuti wotsogola pa muyesowo apeze malikisi onse ndipo enawo apeze gawo. Ngati phindu lili mu C, ndalama zotoleredwa mu D, peresenti ya chandamale mu F, ndipo kampani yaganiza zopereka malikisi 40 pa phindu, 30 pa kutolera ndi 30 pa chandamale, fomula ya mu G2 ndi iyi:

=40*C2/MAX($C$2:$C$6)+30*D2/MAX($D$2:$D$6)+30*F2/MAX($F$2:$F$6)

W4 akupeza 92.5, W1 90.2, W3 88.7, W2 73.4, W5 72.4. INDEX, MATCH ndi MAX zikalozetsedwa ku mzere G zitulutsa W4. Koma malikisi 10 okha atachotsedwa pa phindu n'kuikidwa pa chandamale, W3 akupeza 90.33 ndipo W4 90.30, wopambana n'kusintha. Apa ndi pamene pagona nkhani. Manambala 40, 30 ndi 30 sachokera m'masamu, ndi chiganizo cha munthu. Mkulu wa zamalonda amene amaika manambalawa mwezi utatha, zotsatira ataziona kale, angathe kupambanitsa aliyense amene akumufuna, kwinaku akuloza kompyuta kuti ndiyo yagamula. Manambalawa ayenera kulembedwa m'timabokosi tawotawo pomwe aliyense angawaone, osati kubisidwa m'kati mwa fomula, ndipo alengezedwe mwezi usanayambe.

Muyeso uliwonse umaphunzitsa ogulitsa khalidwe. Bonasi ikakhala pa ndalama za malonda, anthu amatsitsa mitengo ndi kukongoza aliyense. Ikakhala pa phindu lokha, katundu wa phindu lochepa, amene makasitomala amamufuna tsiku ndi tsiku, amasiyidwa. Ikakhala pa chandamale, ena amasungira mwezi wamawa malonda a kumapeto kwa mwezi akaona kuti akwanitsa kale. Chitsanzo chodziwika cha kumene zimenezi zingafike ndi banki ya Wells Fargo ku America. Antchito ake ankayezedwa ndi kuchuluka kwa maakaunti atsopano, ndipo pothawa kulephera chandamale ena anayamba kutsegulira makasitomala maakaunti eni ake osadziwa. Mu Seputembala 2016 bankiyo inalipitsidwa chindapusa cha madola 185 miliyoni, panthawiyo maakaunti okayikitsa ankati ndi pafupifupi 2 miliyoni, ndipo antchito pafupifupi 5,300 anali atachotsedwa. Mu 2017 chiwerengero cha maakauntiwo chinakwezedwa kufika pa 3.5 miliyoni. Pa tsamba lowerengera maakaunti okha, ochita zachinyengowo ndi amene akanaoneka olimbikira ntchito.

Ntchito zina zofunika sizilowa n'komwe m'kaundula: kuphunzitsa wogulitsa watsopano, kubweza kasitomala amene anakwiya, kutsegula dera lomwe phindu lake lidzaoneka chaka chamawa. Mwezi umodzinso ndi waufupi poweruza munthu, chifukwa oda imodzi yaikulu ingamukweze amene miyezi ina yonse amakhala m'munsi. Kuwonkhetsa miyezi itatu kapena isanu ndi umodzi kumapereka chithunzi chokhazikika, ndipo SUMIFS imangofuna kusintha masiku awiri a malire.

Tsamba la Chidule likamalizidwa, timabokosi ta mafomula titsekedwe ndi Protect Sheet kuti wina asalembemo nambala pamwamba pa fomula, kaya mwangozi kapena mwadala. Ogulitsa nawo ali ndi ufulu woona mmene malikisi awo apezekera. Fomula ya =FILTER(Malonda!A2:F600, Malonda!B2:B600="W1") imatulutsa mizere yonse ya munthu mmodzi, ndipo pa Excel yakale Filter ya pa mitu ya kaundula imachita zomwezo. Wogulitsa aliyense apatsidwe mizere yake, aifananize ndi malisiti omwe ali nawo, ndipo zosiyana zikonzedwe bonasi isanalipidwe.